Mtanda wa Thundu M'galimoto ya Onisim

Onisim Dunca ankanena poyera, ngakhale pakhomo pa tchalitchi anthu akutuluka m'mapemphero, kuti m'chigwa chonse cha Cosau, kuphatikizapo mayiko khumi ndi limodzi amene anapondamo, sanabadwe munthu womvana ndi mtengo wa thundu ngati iye. Ankati mutam'patsa chipika ndi nkhwangwa, osam'patsa sowo, chingwe kapena pensulo, iye amauza mtengowo pong'ambikira ndipo mtengo umamvera. Anthu ankaseka koma sankam'tsutsa. Munthuyu anachoka kwawo atavala nsapato zobwereka, nakakhoma madenga ku Norway chipale chofewa chikum'lowa m'khosi, nakasema zitseko za nyumba zosungiramo vinyo ku France, nakakonza masitepe a hotela ku Ireland. Patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anabwerako ndi malo akeake opalirako matabwa, antchito atatu, ndi chipata chosemasema chimene alendo amaimitsira magalimoto kuti achijambule.

Chaka china mwana wake mmodzi yekhayo, Todora, ankakwatiwa ku Castellon, ku Spain, Loweruka lomaliza la mwezi wa June. Vuto linali mayi wa mkwatibwi, Parasca. Nyengo yozizira Parasca magazi anamuundana m'mwendo wakumanzere, ndipo dokotala anam'letsa ndege, nam'letsanso basi ija imene anthu a kwathu amakhalamo masiku awiri ndi theka mawondo atagunda mpando wakutsogolo. Anati ngati ulendowo uli wosalephereka, aziyenda maola awiri okha, kenako azigona chagada mwendo uli pamtsamiro, kenako aziyendayenda pang'ono. Parasca sanatsutse. Anapinda malaya amene anapetera mwana wake miyezi isanu ndi itatu, nafunsa ngati pali wina wopita ku Spain woti am'tengere.

Onisim anam'landa malayawo m'manja. Anati Parasca apita yekha kukam'veka mwanayo, ndipo apita ali m'nyumba mwake, akugona pabedi lake.

Anagula galimoto yogonamo kwa mnyamata wina wobweretsa magalimoto akale kuchokera ku Italy. Injini inali yamoyo, koma m'kati munali movunda, mukununkha nkhungu ndi agalu a mwini wake woyamba. Onisim anazula zonse tsiku limodzi. Ankathyola timatabwa ta Mataliyana ndi chala chachikulu n'kumaonetsa antchito ake, amvekere anthu amenewa amagona m'mabisiketi. Kenako anatsegula nkhokwe ya matabwa a thundu amene anawaumitsa zaka khumi ndi ziwiri.

Kwathu ku Maramures mmisiri samanga kuti chinthu chim'fikitse chaka chamawa. Amamanga kuti chidzukulu chidzakanike kugwetsa. Thabwa lochepera zala zitatu kukhuthala kwake timaliona ngati lamwano. Ndiye Onisim anayala pansi ndi matabwa a thundu, makoma anawakuta ndi thundu, bedi la thundu, tebulo la thundu, makabati am'mwamba a thundu, zitseko zake zosemedwa chingwe chopota ndi dzuwa monga pazipata zathu. Pakona anaimika mbaula yachitsulo yokutidwa ndi matailosi obiriwira kuti mwendo wa Parasca usazizidwe m'mapiri a ku Austria. Pomaliza anakweza mtanda wa denga. Nyumba iliyonse ya kwathu imakhala ndi mtanda umodzi waukulu wodutsa pansi pa denga kuchokera khoma lina kukafika lina, ndipo pamtandapo amasemapo mayina a eni nyumba ndi chaka chimene inamangidwa. Nyumba yopanda mtanda wotere amati ilibe mwini. Wa Onisim unali wotalika mamita atatu ndi theka, wolembedwa dzina lake, la Parasca ndi la Todora. Makabati am'mwamba anawapachika pamtanda womwewo, ndipo mawaya a magetsi anawadutsitsa kuseri kwake.

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Amayi ankavula nsapato polowamo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti zonsezi zikulemera bwanji, chifukwa chiyambire palibe anayezapo nyumba pasikelo.

Galimoto yochokera kunja, yosinthidwanso m'kati, siipatsidwa nambala isanayesedwe ku ofesi ya ku Baia Mare, ndipo yopanda nambala siidutsa malire. Onisim anapatsidwa Lolemba, patatsala masiku khumi ndi awiri kuti ukwati uchitike. Pokwera phiri la Gutai galimoto inkabuula ngati ng'ombe yoyembekezera, koma iye anati ndi dizilo wachabechabe wa masiku ano.

Woyeza anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, dzina lake Danciu. Analowa m'galimotomo, nasisita zosemasema zija ndi dzanja, nakhala kaye pabedi. Ananena kuti agogo ake anali ndi nyumba yotereyi ndipo fungo lake ndi lomweli. Anajambula zithunzi za m'kati monse za pa fayilo. Onisim anali atayamba kale kum'fotokozera za hotela ya ku Ireland pamene mayiyo anam'pempha kuti akwezere galimoto pasikelo n'kutsikamo.

Manambala ofiira anathamanga n'kuima pa 3,710.

Mayi Danciu anafotokoza mosakweza mawu. Galimoto yotereyi, pamodzi ndi anthu, madzi ndi katundu wawo, siyenera kupitirira makilogalamu 3,500. Kuti anthuwo ndi katundu wawo apeze malo, iyo payokha, thanki ili yodzaza, isapitirire 3,200. Mabuleki ake ndi matayala ake anapangidwira pamenepo.

"Bambo, mwamanga nyumba yabwino kwambiri," anatero. "Koma nyumba imakhala pamaziko. Iyi ikatsika mapiri ili pamatayala anayi, akazi anu ali m'kati."

Onisim anatchula za botolo la kachasu wa mapulamu, wotcheza kawiri, limene linali kuseri kwa mpando. Mayiyo anam'funsa ngati akufuna kuti nalonso aliwerengere pa kulemerako. Kenako anayang'ana pakompyuta nati mpata ulipo umodzi Lachisanu masana, wina ukatha pamenepo ndi pa 10 July. Lachisanu amatseka 2 koloko.

Ulendo wa ku Castellon woima maola awiri alionse ndi wa masiku asanu ndi limodzi. Akapanda kunyamuka Loweruka kapena Lamlungu, Parasca ukwati adzauonera pafoni. Onisim anali ndi masiku atatu oti achotse makilogalamu oposa mazana asanu m'ntchito imene anaigwira miyezi itatu, ndipo sankadziwa poyambira, chifukwa moyo wake wonse anaphunzira kuwonjezera, osati kuchotsa.

Parasca anamvetsera zonse atakhala pakhonde mwendo uli pakampando. Atamaliza, anangoti apite kwa achimwene ake.

Nechita, mchimwene wake wa Parasca, anali mlimi wa njuchi. Sanapiteko kunja, ndipo Onisim sankalola kuti aiwale zimenezo. Pa ubatizo wina, atamwa, Onisim ananena pagulu kuti mlamu wake amakhoma mabokosi a machesi n'kumadzitcha kalipentala, ndipo kuchokera tsikulo anthu awiriwa ankangogwedezerana mitu pamaliro. Koma Nechita chaka chilichonse ankanyamula ming'oma makumi asanu ndi atatu palole kupita nayo kumene kuli maluwa, ndipo apolisi a pamsewu ankamuyeza kawiri katatu paulendo umodzi. Ankadziwa kulemera kwa thabwa lililonse ndi msomali uliwonse.

Onisim anam'peza madzulo akumanga malamba palole. Mitengo ya tei inali itayamba maluwa kum'mwera, ndipo maluwa amenewo, amene amapatsa uchi wa mtengo wapatali kuposa wonse, sakhalitsa masabata awiri. Nechita ankanyamuka m'mawa mwake.

Anamvetsera nkhaniyo osatsika palole. Atamva za 3,710 anafunsa ngati m'galimotomo anaikamonso tchalitchi. Onisim anatulutsa chikwama, nati am'lipira ngati mmisiri wa ku Norway, pa ola.

"Bwezani chikwamacho, alamu. Ndikabwera, ndibwera chifukwa cha mlongo wanga, ndipo ndibwera pa dima, monga ankachitira makolo athu. Tsiku limabwezedwa ndi tsiku. Koma tsiku la maluwa a tei si tsiku wamba. Limodzi mudzabweza atatu, ndi manja anu omwewo, osati a anyamata anu."

Onisim anavomera.

"China. M'galimotomo mwini mawu ndine. Wa mabokosi a machesi uja."

Lachiwiri m'mawa Nechita anafika ndi sikelo yoyezera ming'oma, naiika pakati pa bwalo. Lamulo lake linali limodzi: chilichonse chotuluka chidutse pasikelo, chilichonse cholowa chidutsenso pasikelo. Oyandikana nawo anabwera ena ndi zomasulira, ena kudzangoonerera, ndipo Parasca ankawadulira buledi, mafuta a nkhumba ofutsa ndi anyezi ali chikhalire.

Choyamba kutuluka chinali mbaula. Amuna anayi anabuula nayo, ndipo sikelo inati makilogalamu 130. M'malo mwake munalowa kachitofu ka gasi kamene mwana angakanyamule ndi dzanja limodzi. Matabwa apansi anazulidwa onse, n'kuyalapo thabwa lopyapyala logula kusitolo, la mtundu womwe uja Onisim ankauthyola ndi chala. Ataliponda linalira, ndipo iye anatuluka panja kukasuta. Makoma anakutidwa ndi timatabwa ta mtengo wa tei, toyera ndi topepuka, timene Nechita amapangira ming'oma. Bedi anasiya nkhope yake yokha yosemedwa, zina zonse tei. Zitseko za makabati Onisim anazigoba yekha kuseri ndi kasemasema mpaka kutsala ngati chigoba cha dzira, kutsogolo zikuonekabe zolemera ngati kale. Ntchito imeneyo anaigwira bwino moti ngakhale Nechita anaiyang'anitsitsa, koma chimene ananena n'chakuti chitseko chachitatu chikadali ndi theka la kilogalamu lachabe.

Ankakangana pa chilichonse. Onisim ankati tebulo lopepuka choncho lidzauluka munthu akayetsemula. Nechita ankayankha kuti likauluka ndiye kuti lafika msanga ku Spain. Mbale zadothi zopachika pakhoma zinali makumi atatu, Nechita analola zinayi. Mabulangete aubweya wa nkhosa anali asanu ndi limodzi, analola awiri. Parasca sanadandaule ndi kamodzi komwe. Ankangoyang'ana kalendala ya tchalitchi imene inali pakhoma.

Lachinayi masana m'galimoto munali mutatsala chinthu chimodzi cha thundu wathunthu. Nechita analoza m'mwamba ndi chibwano.

Onisim anakana. Anati achotse gudumu lapadera, achotse mpando wake iye aziyendetsa atakhala pandowa, koma mtanda ayi. Munthu sangatenge mkazi wake wodwala kudutsa naye mayiko asanu m'nyumba yopanda mwini. Nechita anati iyi si nyumba, ndi bokosi loyenda, ndipo dzina la mwini wake limalembedwa papepala la Mayi Danciu. Anam'kumbutsa kuti m'galimotomo mwini mawu ndi iye. Anautsitsa anthu atatu, ndipo pasikelo unakwana makilogalamu 52. M'malo mwake Nechita anamangapo kathabwa ka tei ka makilogalamu anayi, napachikapo makabati, nabwezeretsa mawaya. Atawonkhetsa zonse anati galimoto tsopano ili pa 3,185, thanki yodzaza. Mpata unali wa makilogalamu khumi ndi asanu okha. Anachenjeza kuti pasapezeke woikamo ngakhale supuni.

Lachisanu Onisim anadzuka tambala atangolira kachiwiri. Mtanda unali utagona paudzu pafupi ndi mpanda, mame atadzaza m'zilembo. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anakumbukira zimene ankachita madalaivala a malole amene anayenda nawo ku Hungary: ukamapita pasikelo, pita thanki ili yopanda kanthu. Anatenga paipi ndi zigubu, napopa dizilo mpaka kutsala wongowolokera phiri. Anamasula kathabwa ka tei nakakaponya m'shedi. Mtanda anaukweza yekha, mbali ina paphewa, mbali ina pachipika, nauthina ndi mabawuti ake asanu ndi limodzi, napachikanso makabati. Dzuwa likutuluka anali atatha, malaya atanyowa ngati wagwa mumtsinje.

Parasca ankapita nawo kuti akatenge mankhwala a paulendo. Atalowa m'galimoto anayang'ana kudenga, nayang'ana mwamuna wake, nakhala pampando wake. Nechita ankawatsatira pambuyo pa galimoto yake yaing'ono, ndipo sanadziwe chilichonse.

Ku ofesi kunali mzere. Patsogolo pawo panali lole imene inali ndi vuto la mapepala, ndipo inadya ola lathunthu. Anawaitana nthawi itakwana 1:15.

Sikelo inati 3,187. Onisim anatembenuka kuyang'ana mlamu wake, mano onse pamtunda. Nechita sanaseke. Nambalayo inam'dabwitsa, chifukwa iye ankayembekeza 3,185 ndipo sikelo yake sinam'namizepo.

Mayi Danciu anatsegula chitseko cha dalaivala, nayatsa kiyi, nawerama kuyang'ana muvi wa mafuta. Anafunsa kuti thanki imalowa malita angati. Analemba pakapepala, nati dizilo amene akusowayo ndi makilogalamu 46, ndipo lamulo limati awerengedwe ngati alimo. Zonse pamodzi 3,233. Yapitirira ndi makilogalamu 33.

Nechita anatsegula chitseko cham'mbali nayang'ana m'mwamba. Sanakalipe. Mawu ake anatuluka otsika, ndipo ulemu wa chilamu unali utathamo.

"Iwe Onisim, njuchi zanga zili m'bwalo masiku anayi maluwa akuyoyoka. Mlongo wanga wasiya mbale za amayi athu. Iwe walephera kusiya chipika."

Anamuuza kuti amasule msanga autaye. Onisim anayankha motsitsa mutu kuti kathabwa ka tei kali m'shedi kumudzi, ola limodzi ndi theka kupita kokha. Mtanda ukachoka, makabati alibe popachika. Nechita anati ndiye achotse ndi makabati omwe. Mayi Danciu anapukusa mutu. Mapepala ndi zithunzi za Lolemba zikusonyeza makabati, ndipo iye sangasainire galimoto yosiyana ndi mapepala ake, kapena ya mawaya olendewera ndi katundu wosamangidwa. Anayang'ana wotchi yapakhoma. Anati ayeza galimoto ina imene yatsala, ndipo ikamakwana 2 koloko azimitsa sikelo, chifukwa makina ake amadzitsekera okha ndipo iye alibe mphamvu pa zimenezo.

Inali 1:22. Sitolo ya matabwa yapafupi inali tsidya lina la tauni, Lachisanu masana, misewu itadzaza. Sowo analibe, magetsi pabwalopo panalibe. Parasca anatsika pang'onopang'ono, nakakhala pabenchi pansi pa khoma, nasanjika mwendo pachikwama chake. Anayang'ana mwamuna wake.

"Abambo a Todora, mwakhala mukutiuza zaka zonsezi kuti mtengo umakumverani. Uuzeni."

Munthu wa kwathu sayenda wopanda nkhwangwa. Ya Onisim inali pansi pa mpando, pamodzi ndi hamala ndi masipanala. Anauza Nechita kuti agwirize makabati ndi msana, namasula mabawuti asanu ndi limodzi aja manja akuterera ndi thukuta. Makabati anawatsamiritsa pabedi, mtanda anautulutsa anthu awiri naugoneka pakonkire. Panali patapita mphindi zisanu ndi ziwiri.

Chimene ankafuna chinali kung'amba nkhope ya mtandawo, mbali yolembedwa mayina, kuti ituluke thabwa limodzi lathunthu la zala ziwiri kukhuthala, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Likakhuthala kwambiri, sikelo ikana. Likapyapyala, silinyamula makabati. Mng'alu ukapatuka n'kutulukira pakati, thabwa liduka ndipo palibe chofika khoma ndi khoma. Munthu wanzeru amang'amba mtengo pakati, chifukwa mng'alu umathawira kumbali yopyapyala. Onisim ankaung'amba m'mphepete, pomwe umathawira.

Anagwada nayendetsa chikhatho pamtengowo mbali zonse, maso atatsinzina, akutsata mitsempha yake. Nechita anam'funsa ngati akuupempherera. Onisim anabenthula tizidutswa tinayi kumsana kwa mtandawo natisongola kukhala zikhomo. Kenako anaika mpeni wa nkhwangwa kumutu kwa mtanda, naumenya ndi hamala kamodzi, kawiri. Mtengo unalira ngati fupa. Mng'alu unayenda chikhatho chimodzi n'kuima.

Anakhomera chikhomo, nasuntha nkhwangwa, namenyanso. Mbali ino, kenako mbali inayo, mosinthana, osalola mbali imodzi kutsogola. Madalaivala amene ankadikira mapepala awo anasonkhana mozungulira, ndipo mmodzi anayamba kupereka malangizo mpaka Nechita anam'yang'ana. Mng'alu unadutsa pansi pa dzina la Onisim, nudutsa pansi pa la Parasca. Utafika mita imodzi ndi theka unayamba kukwera, kulunjika kunkhope. Onisim anaimitsa hamala m'malere. Anauza mlamu wake kuti aponde thabwa lopyapyalalo ndi mapazi onse awiri pafupi ndi mng'alu, ndipo iye anakanikiza chikhomo chakunsi kuti mbali yokhuthala ndiyo ipindike. Anamenya mofatsa, ngati akugogoda pachitseko cha wodwala. Mng'alu unazengereza, kenako unabwerera mumzere.

Inali 1:39.

Pansi pa dzina la Todora panali mfundo, yaikulu ngati dzira la nkhuku. Onisim ankaidziwa, anaiona tsiku limene ankasema dzinalo. Pamfundo mitsempha ya mtengo imazungulira, ndipo mng'alu ukafikapo umapita kumene wafuna. Anasiya chikhomo chikhatho chimodzi asanafike pamfundo, nathamangira kumapeto ena a mtanda, nayamba mng'alu wachiwiri kuchokera kumeneko. Ming'alu iwiri inayenera kukumana pamfundopo pamlingo umodzi, popanda chingwe, popanda pensulo.

Mng'alu wachiwiri unabwera mofulumira, nuima nawonso pafupi ndi mfundo. Mtanda wonse tsopano unagwirana pamalo amodzi aang'ono. Onisim analowetsa nkhwangwa chapansipansi m'mng'alu, mpeni wake utaloza mfundo, napukuta dzanja pathalauza. Anayang'ana kubenchi. Parasca sankayang'ana mtanda, ankayang'ana wotchi.

Anamenya kamodzi ndi mphamvu zake zonse.

Mfundo inaduka ndi phokoso limene linatulutsa Mayi Danciu mu ofesi. Thabwa linadumpha n'kugwera pambali, lathunthu, mamita atatu ndi theka, mayina onse atatu osakhudzidwa. Kuseri kwake kunali kokhakhala ngati msana wa nsomba, koma linali lowongoka.

Panalibe nthawi yoliyamikira. Inali 1:47. Analilowetsa m'galimoto, ndipo pomwepo anapeza vuto lina: mabawuti anali a mtanda wokhuthala, tsopano anali otalika kwambiri ndipo sankathina. Onisim anatukwana m'zinenero zitatu. Nechita anatsika, natola zibenthu za thundu pakonkire, naziboola ndi nsonga ya mpeni wake wa ming'oma, naziveka m'mabawutimo kuti zidzaze mpata. Ankaveka iye, Onisim akuthina pambuyo pake. Makabati anabwerera, mawaya anabisika, ndipo Nechita anakoka mtolo wa zibenthu ndi nkhwangwa yomwe naziponya panja.

Mayi Danciu analowa nagwira kabati yoyamba ndi manja awiri, nailendewera ndi thupi lake lonse. Thabwa linalira pang'ono koma silinapindike. Anayesa yachiwiri. Anayang'ana kudenga, nayang'ana chithunzi cha pa fayilo, nati zikufanana. Anauza Onisim kuti akwezere galimoto pasikelo. Injini inakana kulira koyamba, chifukwa dizilo anali atatsala wa m'munsi mwa thanki. Kachiwiri inatsokomola n'kugwira.

Manambala ofiira anaima pa 3,149. Mayiyo anawonjezera 46 zake zija, nalemba 3,195, nasaina. Pamene ankadinda pepalalo, sikelo kumbuyo kwake inazima yokha.

Onisim anapita kubenchi nakhala pafupi ndi mkazi wake. Parasca anam'patsa kansalu kuti amange chala chimene hamala inachiphwanya osazindikira. Nechita anaika chotsala cha mtanda padenga la galimoto yake, nati akachiwotcha nyengo yozizira ndipo chikam'funditsa bwino. Ananyamuka osatsanzika, kuthamangira njuchi zake.

Onisim ndi Parasca ananyamuka Loweruka m'mawa. Ankaima maola awiri alionse monga ananenera dokotala, ku Hungary, ku Austria, ku Italy, ku France, ndipo paliponse pamene aima Onisim ankapeza munthu womuonetsa denga ndi kum'fotokozera za mfundo ija, ngakhale womverayo asakumva chinenero chake. Anafika ku Castellon Lachinayi madzulo. Loweruka m'mawa Parasca anaveka mwana wake malaya aja ndi manja ake, ataima pamiyendo yake iwiri.

Nechita anapeza maluwa a tei atatsala a masiku asanu ndi limodzi, ndipo uchi wake chaka chimenecho unachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sanadandaulire munthu. Kumayambiriro kwa August anangotumiza uthenga kuti nthawi yofula yakwana. Onisim anasiya antchito ake ndi chipata cha munthu wina wolemera wa ku Cluj chili pakatikati, nakwera phiri kupita kumene kunali ming'oma. Ananyamula mabokosi a uchi pamsana, anapukusa makina okamulira mpaka phewa kuuma, njuchi zinam'luma m'makutu ndi m'zikope moti tsiku lachitatu ankaona ndi diso limodzi. Ankadya zimene wapatsidwa n'kugona m'lole. Tsiku lachisanu ndi chinayi Nechita anati zakwana, atha kupita kwawo. Onisim anati iye anagwirapo ntchito m'mayiko khumi ndi limodzi ndipo palibe kumene anachoka atasiya tsiku la mwini. Anakhalabe mpaka dzuwa la tsiku lomaliza litalowa. Masiku anayi a dima, lililonse kubweza atatu: anabweza masiku khumi ndi awiri athunthu.